Foni Inali M'dengu la Alangizi

Mlandu umene Sajenti Rosaria Zimba wa polisi ya Chongwe anapatsidwa Lachinayi m'mawa unalibe magazi, unalibe chitseko chothyoledwa, ndipo chobedwacho sichinali chinthu choti munthu n'kusenza pamutu. Akanatha kuukankhira kwa mnzake. Koma ataona dzina la wodandaula, anaulandira msangamsanga.

Towela Miti. Masiku ano ankatchedwa Dokotala Miti, mphunzitsi pa yunivesite ina yaing'ono ya ku Silverest, katswiri wofufuza mmene masamba a pa intaneti amalondolera anthu mwakabisira. Rosaria anamudziwa asanakhale zonsezo. Anakulira limodzi ku Nkomeshya, kumene makolo awo anasamukira kuchokera kum'mawa kudzafuna minda, ndipo kusukulu ankakhala benchi imodzi. Pa masamu Rosaria ndiye ankakhala woyamba, Towela wachiwiri, ndipo mfundo imeneyi Rosaria anaisunga mpaka lero ngati chimanga cha mbewu. Kungoti wina anapita ku yunivesite, wina ku sukulu ya apolisi kukaphunzira kuguba. Tisabise mawu, inali nsanje, nsanje yakale yokhwima bwino.

Nkhani yake inali yotere. Yunivesite ina ya ku Ulaya inapatsa Towela malo oti akachite kafukufuku kwa zaka ziwiri. Lachiwiri masana munthu wina analowa mu imelo yake ya kuntchito n'kuwalembera azunguwo kuti malowo sakuwafunanso. Azunguwo atauzidwa kuti sanalembe ndi iye, anayankha mwaulemu wawo wozizira uja kuti atumize lipoti la polisi lotchula amene anachita zimenezi sabata isanathe, apo ayi malowo apita kwa wotsatira. Ndipo Loweruka lomwelo Towela anali kukwatiwa.

"Ulaya na chikwati mu wiki imozi," anang'ung'udza Rosaria akukwera galimoto. "Benangu Mulungu amabapimila na meda, ise na kasupuni."

* * *

Towela anali m'manja mwa alangizi kuyambira Lamulungu, m'nyumba ya azakhali ake ku Nkomeshya. Pakhomo panaima mlangizi wamkulu, Amai Cecilia, mayi wojintcha wa ku Katete amene Chichewa chake sichinasungunuke ndi zaka zonse za ku Chongwe.

"Namwali salankhula ndi alendo," anatero mayiyo.

"Amai, ine sindine mulendo. Ndine boma."

Boma linalowa, mlangizi n'kutsala panja akusisima. Towela anali pamphasa, miyendo atatambasula, mutu utawerama, atafundidwa chitenje mpaka kumaso. Rosaria anamva kakukoma pang'ono pomuona Dokotala wathu ali pansi chotero, iye ataimirira ndi nsapato za boma.

"Bwanji, Rosaria," anatero mawu a m'chitenjemo.

"Ni Sajenti Zimba. Kamba, muntu angalobe bwanji mu imelo yako? Pasiwedi unapasa ndani?"

"Kulibe. Wamene analoba anadina paja pokamba kuti waibala pasiwedi. Ukadina paja, yunivesite imatuma nambala ku foni yako. Ukalemba nambala ija, walobamo. Nakambapo kambili kuti njila iyi ni yofooka, koma sibamvela."

"Na foni yako yenze kuti?"

"Ili na Amai Cecilia kuchokela pa Sondo. Namwali sankala na foni."

Amai Cecilia anamulowetsa Rosaria kuchipinda chawo n'kutsitsa dengu lovindikira lomwe linapachikidwa kudenga. Foni inali momwemo, yokulungidwa m'kansalu, batire lodzaza.

"Ndimaipatsa moto pa sola m'mawa uliwonse, katundu wa mwini asafe," anatero monyadira.

"Kuli wina anaitengako?"

"Kiyi wa chipinda chino ali apa." Anagwira mfundo ya pachitenje chawo. "Palibe walowa muno. Namwali sanaione n'komwe, ngakhale mayi ake omubala."

Rosaria anayatsa foniyo. Inali yokhoma, koma uthenga wa Lachiwiri unali pagalasi pomwepo, wosatsegulidwa. Anaibweza m'dengu. Mumtima anali atapeza kale yankho lomukomera: Towela anakana yekha malowo poopa kusiya mwamuna, ndipo tsopano akufuna polisi imupukutire manyazi. Akutuluka, mawu a m'chitenje aja anamutsatira.

"Pita ukaone Ezra ku dipatimenti. Akulangize chidindo."

"Ezra ni ndani?"

"Wamene azatenga malo yanga nikalepela."

* * *

Ezra Mvula anali mwamuna wowonda, wa magalasi, wokhala m'chipinda chodzaza makompyuta ndi fumbi la ku Silverest. Sanadikire n'komwe kufunsidwa.

"Ba Sajenti, lekani nikupulumuseni ntawi. Malo yaja nenze kuyafuna, zoona. Risechi tinayamba tonse, koma pa mapepala zina yake ndiye imankala pasogolo, yanga kumbuyo monga ngolo. Nikamuona bamuombela mu manja, mumala mwanga mumasintha. Ivo nivomela."

"Pa Chibili masana mwenze kuti?"

"Mu holo, kulonda mayeso. Mastudenti yonse yananiona, na foni yanga yenze pa tebulo kusogolo. Elo sembe nine ninachita, sembe simunapeze olo kantu. Uyu muntu ni mbuli."

Anatembenuza kompyuta kuti Rosaria aone, n'kuyamba kufotokoza ngati ali m'kalasi. Bulawuza, anatero, ndi pulogalamu imene munthu amatsegulira masamba a pa intaneti. Anthu ambiri amaganiza kuti akatsegula windo yachinsinsi ndiye kuti abisala, ndipo wakubayo anachita zomwezo.

"Koma bulawuza ilibe chisinsi, Ba Sajenti. Ikafika pa peji imazikamba yeka: sikilini yanga ni ikulu so, chitundu changa ni ichi, mitundu ya malemba yamene nili nayo ni iyi. Mukavifaka pamozi, vimankala monga chidindo cha chala. Ndiye risechi ya Towela iyo. Anafaka kapulogilamu kake pa peji yolobela ya yunivesite, kamagwila chidindo cha aliyense wamene waloba."

Rosaria anamva zonse bwinobwino, ndipo kumva komweko kunamuwawa. Zinthuzi sizinali zovuta. Akanapatsidwa mpata, bwenzi akuzifotokoza ndi iye.

"Manje chidindo chikamba chani?"

"Ni laputopu yakudala. Koma onani apa." Chala chake chinatsika pamzere wautali. "Mafonti, mitundu ya malemba. Kompyuta ya muntu wamba imankala na yang'ono chabe. Iyi ili na mahandiredi, elo yonse yopotoka-potoka, ya maluba, ya mitima, ya mabelu. Ine ningasunge vamene ivi? Aya ni malemba ya bantu bopanga makadi ya vikwati."

Rosaria anakumbukira kanthu. Khadi la ukwati wa Towela anali nalo, linabwera kudzera kwa mayi ake, ndipo analiponya pansi pa dilowa kuti asamalione. Koma zilembo zake zagolide zopotana ngati nthambi za mphonda ankazikumbukira, ndiponso kamzere ka kumbuyo kotchula amene analisindikiza. Anali Ednah, mkulu wake wa Towela.

* * *

Shopu ya Ednah inali kontena yopakidwa utoto wobiriwira m'mbali mwa msewu wa maminibasi. Mwini wake anali akudula mapulogalamu a ukwati ndi chodulira mapepala, ndipo sanaleke ataona yunifomu.

"Ah, Rosaria wa ba Zimba. Bakutuma Ba Dokota? Manje bafika potuma na mapolisa?"

"Laputopu yopangila makadi ni iyi?"

"Ni yamene iyo. Yakalamba monga ine."

"Ndiye yamene inaloba mu imelo ya mufana wanu."

Chodulira chija chinaima m'mwamba. Kenako Ednah anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"So ndine kawalala? Mvela, iwe. Ine ninaleka sukulu giredi naini, nagulisa tomato pa museu kuti uja apunzile. Lelo pa nyumba ni Towela, Towela, na batate bakamba monga banabala mwana umozi. Chikwati chake ndine nachivutikila, nadula mapepala mpaka vikumo vatupa. Unifunse ngati chimanibaba, nizakuuza kuti chimanibaba maningi. Koma kumuonongela? Nanga tomato yanga yonse ija ipite pachabe?"

Rosaria anayang'ana kumbali. Zinali ngati mayiyu akuwerenga za mumtima mwake mokweza, pamsewu, anthu akudutsa.

"Pa Chibili mwenze kuti?"

"Ku Kamwala, kugula vitenge va pa chikwati na bazimai ba ku chalichi. Tinachoka kuseni, tinabwela zuba yangena. Bafunse, bazakuuza na vamene tinadya."

"Ninshi shopu yenze yokoma na kiyi?"

Ednah anaika chodulira pansi. Anayamba kusanja mapepala omwe anali osanjika kale.

"Ba Ednah, shopu yenze yokoma?"

"Benze kufuna chabe kuonjezela makadi ya babululu babo ba ku Bundabunda," anatero motsitsa mawu. "Makiyi ninasiyila ba mulamu."

* * *

Jethro, mkwati, Rosaria anamupeza pa puloti yake ku Silverest komweko, akupaka utoto chipinda cha nyumba yatsopano. Anali mwamuna wamtali, wogulitsa mbewu ndi feteleza, mkulu wa achinyamata kutchalitchi, wa ulemu woti mpaka umakuchititsa manyazi. Anapukuta mpando ndi malaya ake kuti Rosaria akhalepo. Rosaria anayang'ana matailosi, mawindo aakulu, kabati ya kukhitchini yomangidwira kukhoma, n'kukumbukira kanyumba kake ka kukampu kodontha mvula ikagwa.

"Iyi rumu ni yake yobelengelamo," anatero Jethro. "Namupangila mashelufu ya mabuku. Vonse vamene afuna vili pano."

"Pa Chibili munasebenzesa laputopu ya ba Ednah?"

"Ee, Ba Sajenti, ninapulinta makadi. Nakana chani? Koma shopu ija bantu bamangena na kuchoka. Elo namvela kuti pafunika nambala ya ku foni. Foni ili ku Nkomeshya, na kuja mwamuna sapondako olo pa geti. Funsani aliyense ngati bananionako."

Zinali zoona, ndipo Rosaria ankadziwa. Mkwati atangoyerekeza kuyandikira nyumba ya alangizi, mudzi wonse ukanamva tsiku lomwelo.

"Va ku Ulaya munavilandila bwanji?"

"Ninasekelela. Ni dalitso." Anaviika burashi mu utoto, n'kuigwedeza nthawi yaitali. "Kungoti zaka zibili ni zambili pa chikwati cha manje. Elo uja pulofesa wa kuja, mwamuna mukulu-mukulu, kulembela mukazi wa bene na pa Sondo, ati nikuyembekezela na mutima wonse. Ni nchito ya bwanji iyo?"

Rosaria sanamufunse kuti mawu a pulofesayo anawawerenga kuti. Anangowasunga. Nsanje ankaidziwa fungo lake, ndipo m'chipindamo inkanunkha kuposa utoto. Koma fungo si umboni. Munthuyu anali ku Silverest, foni ili m'dengu ku Nkomeshya, kiyi ali pamfundo ya chitenje.

Anaimirira kuti atsazike. Nthawi yomweyo foni ya Jethro, yomwe inali pamwamba pa chidebe cha utoto, inayamba kulira. Mwini wake sanaigwire, manja anali a utoto. Koma galasi linayaka, ndipo dzina la woimbayo linaoneka poyera popanda wina kutsegula kanthu: Amai Cecilia.

* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene Rosaria anafikanso ku Nkomeshya. Azimayi anali pabwalo akusosola nkhuku ndi kusankha nyemba za phwando. Rosaria anawatengera Amai Cecilia kuseri kwa nkhokwe.

"Amai, kuseni ninafunsa ngati kuli wina anatenga foni. Manje nifunsa vina. Imwe mweka, munaiyang'anapo?"

"Kuiyang'ana? Kamodzi kokha, pothandiza mkamwini."

"Munamutandiza bwanji?"

Nkhope ya mayiyo inawala. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu ngati munthu woulula za mphatso.

"Musakamuuze namwali, ndi chinsinsi. Mnyamata uja ndi wosowa, timalankhulana pafupipafupi za dongosolo. Lachiwiri anandiimbira, ati amai, ndikumukonzera mkazi wanga mphatso ya pa kompyuta, ndiye kubwera kanambala pa foni yake, mundiwerengere. Ndinakatsitsa dengu, kanambalako n'kubweradi pagalasi. Ndinamuwerengera bwinobwino, kawiri, kuti asalakwitse."

"Simunaganize kuti mufunse mwine wa foni?"

Amai Cecilia anamuyang'ana ngati wafunsa za mwana.

"Kufunsa chiyani? Nanga sabata yonseyi tikumuphunzitsa chiyani m'nyumbamo? Kuti m'banja mulibe changa ndi chako. Mwamuna woti wamaliza zonse za ukwati akapempha nambala ya pa foni ya mkazi wake, ine ndikhale ndani womukaniza? Inu apolisi simulangizidwa kodi?"

Rosaria anawafotokozera mwachidule chimene nambalayo inatsegula. Mayiyo anakhala pamtondo umene unali pomwepo, manja ali pamasaya.

* * *

Mumsewu monse kuchokera ku Silverest Rosaria anali akuwayeseza mawu okamuuza Towela, kuwalawa ngati munthu wolawa ndiwo. Tsopano anali m'chipinda muja, chitseko chotseka, chitenje chili patsogolo pake.

"Ni Jethro," anatero.

Anadikira kulira, kukana, kutukwana. Chitenjecho sichinagwedezeke.

"Niziba," anatero Towela. "Ba hedi ba dipatimenti banabwela na pepala ya chidindo mailo, pa Chitatu. Ninaona chabe mafonti. Ednah ndine ninamutuma ku Kamwala, na makiyi nenze kuziba wamene anasiyiliwa. Chamene sinenze kuziba ni mwamene anapezela nambala."

"Ninshi unanizungulusa zuba yonse pa vintu vamene uziba?"

"Nenze kupempela kuti ubwele uniuze kuti nalakwisa. Elo lipoti siningalembe neka. Wapolisa wina aliyense sembe anafika pano, bamupasa munkoyo amwe, bamuuza ati ni nkani ya mu nyumba, lekani bakambisane. Sembe anabwelela na pepala yopanda zina, kunimvelela chifundo. Ndiye ninatuma batate kuli bakulu bako kuti nifuna Rosaria Zimba, osati wina."

"Chifukwa?"

"Chifukwa iwe sunganimvelele chifundo. Kuchokela pamene ninapita ku yunivesite, sunaniyang'anepo na maso yabwino. Nenze kuona, Rosaria."

Rosaria anamva kutentha kumaso ngati wamenyedwa mbama. Zaka zonsezi ankaganiza kuti nsanje yake ndi chinsinsi chake, chobisika bwino pansi pa yunifomu, osadziwa kuti mwini wake ankaiwerenga ngati chikwangwani, mpaka kufika poituma ntchito. Anakhala pansi pamphasa pomwepo, nsapato za boma zili kutsogolo.

Anatulutsa pepala ndi cholembera, n'kulankhula mwa ntchito chifukwa njira ina analibe. Akalemba dzina la Jethro, ndi mlandu, ndipo mawa lomwe akamutenga. Loweruka sipakhala ukwati. Akalemba kuti wolakwa sanadziwike, ukwati ulipo, nyumba ya matailosi ilipo, koma ku Ulaya kupita Ezra. Wodandaula ndiye anene.

Pabwalo ng'oma inayamba kulira, azimayi akuyesa nyimbo za Loweruka. Rosaria anaona kuti mbali iliyonse imene Towela angasankhe, ataya chimodzi mwa zinthu ziwiri zomwe iye ankamuchitira nazo kaduka m'mawa uja. Chimene ankachilakalaka kwa zaka chinali chitafika, ndipo chinalibe kukoma kulikonse.

"Namukonda, Rosaria," anatero Towela, tsopano akulira poyera. "Ananipangila na mashelufu. Sembe niwe, sembe unachita bwanji?"

Apa Rosaria akanatha kumumaliza. Mawu anali pafupi, okoma, omveka ngati malangizo a mlongo: khululuka, amuna ndi osowa, sukulu waphunzira yakwana. Towela akanamvera, akanatsala ku Silverest, ndipo sakanapitanso patali kuposa pomwe anafika. Mawuwo anafika mpaka pamilomo.

"Ine sibananipase mupata," anatero m'malo mwake, mawu ali okhakhala. "Sembe bananipasa, sembe ninapita olo na mendo. Elo mwamuna wamene akuvalila chitseko mukalibe kukwatilana, mukakwatilana azataya na kiyi."

Kenako manja awiri anatuluka m'chitenjemo, n'kuchikweza, n'kuchichotsa kumutu. Maso a Towela anali otupa, koma anayang'ana Rosaria mosaphethira. Anachipinda chitenjecho bwinobwino n'kuchiika pamphasa.

"Lemba," anatero.

Rosaria analemba dzinalo. Nsanje sinamuchoke, ayi. Inangosintha malo, chifukwa tsopano ankasirira mtima wa munthu wotha kuchita chinthu chotere misozi ili m'masaya.

Chitseko chinatseguka. Amai Cecilia anaima pakhomo, ndipo kumbuyo kwawo ng'oma inadukiza pakati pa nyimbo, azimayi akusuzumira. Mlangiziyo anayang'ana mutu wosafundawo, n'kuyang'ana chitenje chopindidwacho.

"Namwali, wakuvundukula ndani tsiku lisanafike?"

Towela anaimirira, n'kutambasula dzanja.

"Nazivundukula neka, amai. Nipaseni foni yanga."